Talaka ya m'filimu ya Latif

Pa Nkope ukafunsa za Abiti Iddi, anthu amayamba akufunsa kuti uti, poti ana aakazi a Che Iddi m'dera muno ndi ambirimbiri. Koma ukangoti “uja wa m'filimu,” zala zonse zimaloza kumodzi, ku mathandala a kumapeto, pafupi ndi migwalangwa, kumene mayi wina wamfupi wa mpango wakuda amafutsa usipa n'kumauyanika osayang'ana munthu kumaso. Dzina lake lobadwa nalo ndi Ajira. Filimu anasewera imodzi yokha pa moyo wake wonse, ndipo ngati mwasowa wokutukwanani m'Chiyao chosasakaniza, kam'funseni ngati adzasewerenso ina.

Ajira anabadwira pompo, pa malo a amayi ake. Sukulu anailekera panjira, osati chifukwa cha umbuli ayi, koma nsomba sizidikira kuti munthu aweruke. Anakula akudziwa kupikula usipa kwa asodzi maboti akangokocheza, kuufutsa, kuuyanika, n'kuuperekeza pa lole mpaka ku Limbe. Mutu wa geni anali nawo. Pakamwa pake panalinso potentha, izo tisabise, moti msodzi womubera muyeso ankachita kulakalaka akanabadwa wogontha.

Mwamuna wake, Zubair, anachokera kutsidya, ku Makanjira, ndi gulu la alovi, anyamata okoka ukonde wa chilimira. Anali wamtali, wofatsa, wa mawu okoma kumva. Atamanga nikaha, ukwati wa Chisilamu, iye ndiye anabwera kudzakhala kuchikamwini monga mwa mwambo wa kuno, n'kumanga nyumba pa malo a apongozi ake. Anabereka ana awiri, Naima ndi Atumani. Kenaka chifuwa chinam'kaniza nyanja, mphepo ya mwera inkam'goneka pamphasa chaka ndi chaka. Ajira anam'gulira makina osokera n'kumuikira pakhonde.

Kunena zoona, ukwati umenewu anthu ankausirira. Zubair sankamenya, sankamwa, mapemphero ake a swala sankaphonya, ndipo dzina lake silinamvekepo ku maresitihausi a ku Monkey Bay. Vuto lake linali kukhala chete. Pa Nkope ponse ankam'tchula kuti “telala wa Abiti Iddi,” ngati kuti nayenso anagulidwa limodzi ndi makinawo, iye n'kumangomwetulira. Ajira akapsa mtima ankam'kumbutsa mwini makina, mwini malo ndi mwini ndiwo, mokweza mpaka anansi kumva. Zubair ankangoponda makina ake osayankha, Ajira n'kumaona ngati nkhani yatha. Ankam'konda mwamuna wakeyo, ankam'konda kwambiri, kungoti sanaganizepo kuti munthu wosayankha amasunga.

Tsoka linabwera litavala jekete lachikopa m'dzuwa la Okutobala. Dzina lake Latif, mwana wa ku Nkopola, amene anali atabwera kumene kuchokera ku Joni ndi kamera, laputopu ndi Chingerezi cha m'mphuno. Anzake ankabwerako ndi malata ndi njinga zamoto, iye anabwerako ndi maloto. Ankati akufuna kujambula filimu yoonetsa dziko mmene umphawi wa kunyanja ukuphwasulira mabanja. Nkhani yake inali ya mlovi amene nsomba zam'thawa, mkazi wake n'kuyamba geni kuti ana adye, anthu n'kuyamba kunong'ona kuti mkaziyo nsomba amazipeza pogona ndi mwini boti, mwamuna n'kukhulupirira mpaka kumusudzula. Aliyense amene anaimva anati imeneyo si nthano, zimachitika pa doko lililonse.

Amuna ofuna kusewera anapezeka ochuluka kuposa malo. Akazi ndiye ayi. M'filimumo munali poti mwamuna agwire mkazi dzanja, poti akhale pa bedi limodzi kukambirana za njala, ndiye mkazi uti wa Chisilamu wodzilemekeza akanalola kugwidwa ndi mwamuna wa eni dziko lonse likuona? Mtsikana wina wogwira ntchito ku loji anavomera, koma alongo ake atamva anam'londola Latif ndi nkhafi, kamera inapulumukira m'chimbudzi. Latif anagona nayo nkhaniyo n'kudzuka ndi nzeru yooneka yoyera ngati mkanjo wa pa Idi: apeze mwamuna ndi mkazi okwatirana kale. Tchimo lingachokere kuti munthu akagwira dzanja la mkazi wake yemwe? Ngakhale akuluakulu a ku mzikiti atamva anavomereza, amvekere mwanayu ku Joni sanatayeko chipembedzo.

Latif anam'peza Zubair tsiku limene anakapinditsa thalauza kwa iye, n'kukopeka ndi mawu ake aja. Ajira poyamba anakana, amvekere iye ndi mayi wa ana awiri, alibe nthawi ya zisudzo usipa ukuwola pathandala. Koma Zubair anachita chinthu chimene sanachitepo chikwatirane, anaumirira. Anapempha m'mawa, anapemphanso masana, maso akuwala. Ajira anali asanaonepo mwamuna wake akufuna chinthu ndi mtima wonse chotero, ndipo zinam'khudza. Anavomera chifukwa cha chikondi, osati chifukwa chofuna kutchuka.

M'filimumo Ajira anayenera kukhala Shamima, Zubair akhale Mustafa. Apa mpamene panalowa cholakwa chaching'ono chimene palibe anachiona. Dzina la Shamima silinkam'lowa Ajira m'mutu. Zubair akaitana “Shamima,” iye ankacheukira kumbuyo kuti aone wabwera ndani, oonerera n'kufa nacho chiseko. Anabwereza, anabwerezanso, batire la kamera likutha, magetsi atazima. Latif anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi, nati basi, aliyense agwiritse ntchito dzina lake lenileni, azungu nawonso amatero. Amatero kuti, palibe anam'funsa.

Anajambulira pa nyumba pawo pomwe, poti Latif anati nyumba yosauka yeniyeni imaposa yochita kupanga. Mawu amenewo Ajira anangowameza. Zambiri zinayenda bwino. Kukalipa Ajira sankachita kuphunzitsidwa, ndipo tsiku limene Zubair anam'gwira dzanja pa bedi kamera ikuona, Ajira anachita manyazi ngati mkwatibwi, n'kukhala akumwetulira yekha mpaka kumathandala. Kenaka linafika tsiku la talaka, dzuwa lili paliwombo, bwalo litadzaza anansi, ena atakwera pa mpanda. Latif anafotokoza kuti Ajira agwade pakhomo ndi beseni la usipa, Zubair atuluke m'nyumba, aponde besenilo, anene mawu a chisudzulo katatu monga achitira amuna okwiya.

Zubair anayesa, koma zinali zomvetsa chisoni. Mawu ankatuluka ofewa ngati akupempha madzi akumwa, ndipo ulendo wina anawerama kutola usipa umene anautaya yekha. Latif anakalipa mpaka mawu kusasa. Pomaliza anam'tengera pambali n'kumuuza kuti asiye kuloweza, aganize za chinthu chimene chimam'pweteka iyeyo mwini wake, chimene sanauzepo munthu. Zubair anayang'ana pakhonde, pamene panali makina aja, kenaka analowa m'nyumba.

Amene anatuluka m'nyumbamo Ajira sanam'dziwe. Beseni linauluka mpaka kumpanda. Zubair anaima patsogolo pake nalankhula motsitsa, osakuwa n'komwe.

“Iwe Ajira, ndatopa. Ndakhala mlendo pakhomo pano kokwanira. Ndakupatsa talaka. Ndakupatsa talaka. Ndakupatsa talaka yachitatu, sindiwenso mkazi wanga.”

Chikwatirane anali asanamunenepo kuti iwe, dzina lake ankalitchula pa kamera pokha, kupatula apo nthawi zonse anali “mayi a Naima.” Misozi ya Ajira, imene Latif anaikonzera anyezi, inangobwera yokha. Kenaka Latif analumpha, anthu anaomba m'manja, amayi ena akuimba nthungululu, Ajira naye anapukuta maso n'kuyamba kuseka, akuomba m'manja kuposa onse. Zoti “mlendo pakhomo pano” sizinali m'mawu a Latif. Ajira anazimva ndithu, koma anati ndilo luso limenelo. Tsiku limenelo anagula chambo chachikulu n'kum'kazingira mwamuna wake, akuuza aliyense wodutsa kuti telala uja mumam'derera si munthu wamba.

Latif anatha miyezi akulumikiza zithunzi pa laputopu yake, ndipo moyo unabwerera mwakale. Zubair anabwerera ku makina ndi ku kukhala chete kwake. Ankadya, ankaswali, ankagona pamalo pake. Mvula ili pakati Ajira anazindikira kuti ndi woyembekezera, ndipo anakondwa, chifukwa Atumani anali atakula ndipo iye anali atayamba kuganiza kuti kubereka kwam'thera.

Filimu itatuluka inafika ponseponse. Ankaionetsa m'nyumba za vidiyo kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku boma, anthu ankaiika m'mafoni, amayi ankamaliza kuonera maso ali psuu. Kwa kanthawi Ajira analawa kukoma kwa kudziwika. Makondakitala a minibasi ankam'sungira mpando wakutsogolo, ogula usipa ankayambira pa thandala lake. Koma walira mvula walira matope, ndipo matopewo sanachedwe.

Lachisanu lina anthu atatuluka mu mzikiti, anyamata ena ophunzira za chipembedzo anayamba kutsutsana pansi pa mtengo. Wina anati mawu a talaka saseweretsa, ukawanena kwa mkazi wako, kaya ukuseka kaya wakwiya, agwira basi. Mnzake anati koma zija zinali zisudzo. Woyamba uja anafunsa kuti zisudzo zanji, pamene mkazi ndi wake, dzina ndi lake, nyumba ndi yawo, mboni ndi bwalo lonse? Dzuwa lisanapendeke nkhaniyo inali itafika pa doko.

Amjomba ake a Ajira, Che Swadick, alongo a amayi ake amene analinso nkhoswe ya ukwatiwo, anabwera m'mawa mwake nkhope itagwa. Anati mpaka Shehe aweruze, awiriwa asagonenso nyumba imodzi, chifukwa ngati talaka zitatuzo zinagwira ndiye kuti akhala akuchimwa miyezi yonseyi, ndipo kubwererana kulibe. Ajira anaseka, kenaka anakalipa, kenaka anayang'ana mwamuna wake kuti anenepo kanthu. Zubair anangoti akulu anena zoona, za Mulungu sitichita nazo makani. Analonga zovala m'chikwama n'kupita kukakhala kwa mnzake. Analonga msanga, osafunsa kuti malaya akuti ali pati, ndipo Ajira anaziona zimenezo. Koma anadziuza kuti ndi mantha a Mulungu. Tsiku ndi tsiku ankam'tumizira chakudya, mbale n'kumabwera zotsuka, zopanda uthenga.

Apa mpamene Ajira anawadziwa anthu. Azimayi amene ankadya nawo m'mbale imodzi anayamba kuyang'ana mimba yake n'kumawerenga miyezi pa zala, osabisa n'komwe. Tsiku lojambula aliyense ankalikumbuka, poti onse analipo, ndipo zinali zoonekeratu kuti mimbayo inabwera pambuyo pake. Mawu oti haramu, mimba ya uchimo, anayamba kum'tsata kumjigo, kuchigayo, ponseponse. Mayi wina, amene Ajira anam'gwira mkono pa maliro a mwana wake, anamveka akuti khanda lili m'mimbalo lilibe bambo pamaso pa Mulungu. Ku madrasa ya amayi anam'siyira mkeka wakewake. Za iye mwini akanapirira, akazi amasudzulidwa tsiku ndi tsiku m'mbali mwa nyanja muno. Koma zoti mwana wake adzabadwe atasenza kale dzina lotero zinkam'dya m'kati. Chimene ankafuna chinali chimodzi, kuti wina womveka anene poyera kuti iye ndi mkazi wa Zubair, ndipo sanasiyepo kukhala mkazi wake.

Anakwera minibasi kupita ku Nkopola kukapempha Latif kuti adzachitire umboni. Anam'peza pa shopu yoika nyimbo m'mafoni, akuseka ndi anzake. Mphekesera za talaka zinali zitam'yendetsera filimu kuposa mmene analotera, moti anali atadula kachigawo kaja n'kukamwaza m'mafoni, atakalemba pamwamba kuti talaka yeniyeni. Anamuuza Ajira kuti asadandaule, anthu akumudzi samvetsa luso, ndipo ngati akufuna atha kujambula gawo lachiwiri mimba isanaphwe, chifukwa mimba yeniyeni imaoneka bwino pa kamera. Zimene Ajira anam'yankha sizilembeka. Anayenda wapansi mtunda ndithu akulira ndi ukali asanakumbuke zoimitsa galimoto.

Shehe wa pa mzikiti wawo anali nkhalamba yosapupuluma, yosafuna kuweruza za m'maluwa. Anaitanitsa foni n'kuonera kachigawoko, magalasi ali pamphuno, akupukusa mutu. Anatsegula mabuku ake, anapita mpaka ku boma kukafunsa mashehe anzake. Ajira ankadikira, mimba ikukula. Tsiku loweruza litafika anapha nkhuku, anaphika mpunga n'kuuvundikira, kuti mwamuna wake pobwerera asapeze m'nyumba mozizira. Anachapa nsalu za pabedi, anapukutanso makina amene anali atachita fumbi.

Anakumana pakhonde la Shehe itatha swala ya masana. Ajira ndi amayi ake anakhala pamkeka, Che Swadick ndi nkhoswe ya kuchimuna pa benchi, Zubair pakona, ataonda pang'ono, maso ali pansi. Kuseri kwa mpanda kunadzaza anthu amene sanaitanidwe. Shehe anayamba ndi kuwadzudzula onse awiri. Anati ukwati si chidole, ndipo mawu amene Mulungu anawalemetsa munthu sawatola n'kumaseweretsa pofuna kusangalatsa a m'nyumba za vidiyo. Ajira anavomera zonse, mutu uli pansi. Kenaka mawu a nkhalambayo anafewa. Anati komabe khomo lilipo. Munthu amene wangonyamula mawu a wina, monga mwalimu akamaphunzitsa mmene talaka imanenedwera, sanasudzule mkazi wake. Chofunika n'chakuti Zubair anene pamaso pa mboni ndi pamaso pa Mulungu kuti mawu aja anali a Latif, iye ankangobwereza, mumtima mulibe kanthu. Akatero ukwati ulipo, sunagwedezeke n'komwe, ndipo aliyense wonena za mimbayo adzakayankha yekha tsiku la Kiyama, la chiweruzo.

Ajira anamva thupi lonse kupepuka. Amayi ake anali atayamba kale kuthokoza Mulungu. Che Swadick anaseka, amvekere kankhani kakang'ono ngati kameneka katizunguza chonchi, nenani Che Zubair tizipita.

Zubair anangokhala akupotokola kaulusi ka pa mkanjo wake. Shehe anabwereza pang'onopang'ono, poganiza kuti mwina sanamve.

“Shehe, sindingalumbire bodza,” anatero Zubair. “Maulendo oyamba aja anali mawu a Latif. Womaliza uja, umene uli m'filimumo, anali anga.”

Che Swadick anamuuza kuti aganize bwino, satana amalowa pakamwa pa munthu akatopa. Nkhoswe yake yomwe inam'gunda ndi chigongono. Zubair anapukusa mutu. Anati kwa zaka wakhala akufuna kunena, koma pakhomo pa eni mkamwini amayambira pati, akudya za eni, akusokera pa makina a eni? Tsiku lija Latif anam'patsa mawu, anam'patsanso bwalo, ndiye zinangotuluka. Shehe anam'funsa kuti nanga bwanji sanaulule pomwepo kuti anthu adziwe.

“Anthu anaomba m'manja,” anatero. “Mayi a Naima anandikazingira chambo. Ndinasowa poyambira.”

Ajira sanakuwe, ngakhale a kuseri kwa mpanda ankadikira zomwezo. Anamva manyazi oposa ululu, manyazi a munthu amene wavina pa maliro ake omwe. Anaika dzanja pamimba n'kumuyang'ana mwamunayo kumaso.

“Bambo a Naima, zonsezo ndamva. Nanga uyu? Munkadziwa kuti mwandisiya, ndiye munkabweranso kwa ine ngati ndani?”

Zubair anayang'ana kumbali. Anayankha motsitsa moti Shehe anachita kutchera khutu. Anati ankaganiza kuti mwina poti panali kamera sizinawerengedwe, ndipo akangokhala chete zitha zokha. Atamva anyamata aja akutsutsana ku mzikiti mpamene anadziwa kuti Mulungu sanapusitsidwe.

Shehe ananena zimene anayenera kunena, kuti talaka inagwira tsiku lomwe lija, zonse zitatu. Anawonjezera mokweza, kuti a kuseri kwa mpanda amve, kuti Ajira alibe tchimo chifukwa sankadziwa, kuti mwanayo ndi wa Zubair ndipo adzatchedwa dzina la bambo ake, kuti mtolo wonse uli pamutu pa amene ankadziwa n'kukhala chete. Anali mawu abwino, oona. Koma doko la Nkope siliwerenga mabuku a Shehe. Chimene chinafika kumathandala n'chakuti talaka inagwira, zina zonsezo zinatsala pakhondepo.

Mpunga uja anadya ana ndi agogo awo. Zubair anabwera m'mawa mwake kudzatsanzika ana, anatenga mkeka wake woswalira, makina anawasiya. Ajira akanakonda akanalimbirana makinawo, bwenzi atapeza pom'tukwanira, koma munthuyo sanafune ngakhale singano. Anapita ku boma, kumene Latif anam'tenga kuti azisewera m'mafilimu ena, ndipo akuti mbali ya mwamuna wozunzika amaitha kwambiri. Za ana amatumiza akakumbuka.

Alipo anthu, makamaka amuna okhala pa bawo, amene amati Ajira anadzichititsa yekha ndi pakamwa pake. Mwina pang'ono. Koma mkazi wa pakamwa potentha amam'tengera kwa ankhoswe, kapena kumuuza maso ndi maso kuti mayi, ine ndatopa, tisiyane. Sam'gwaditsa pakhomo pake ndi beseni, anansi atakwera pa mpanda, kenaka n'kudya chambo chake. Zimenezi ndi zimene Ajira sangakhululuke, ndipo amanena poyera kuti sadzakhululuka. Filimuyo ikadalipo m'mafoni, palibe angaifafanize. Ogula a ku Limbe, osadziwa kanthu, mpaka lero amam'pempha kuti alireko ngati muja kuti am'jambule, iye n'kumangowayezera usipa.

Ajira anachira m'nyengo yotentha, pa chipatala chaching'ono cha m'deramo, mwana wamwamuna. Namwino amene anam'thandiza anali wachilendo, wongotumizidwa kumene kuchokera ku Zomba, munthu wansangala wosadziwa za pa Nkope. Atakulunga khanda n'kuliika pachifuwa pa mayi ake, anam'yang'anitsitsa Ajira, nkhope n'kuwala. Anati wam'zindikira, filimu ija ankaionera ndi anzake kusukulu ya unamwino ndipo onse ankalira. Makamaka bambo aja, anatero, koma ndiye amatha kusewera, munthu ungaganize kuti zinali zenizeni.

Ajira anayang'ana khandalo. Mphumi inali ya Zubair, yosachita kufunsa.

“Amatha, anamwino,” anatero. “Zaka zonse zija ankasewera kuti ndi amuna anga, ine osadziwa. Tsiku lokhalo ndi limene sanasewere.”

Namwino anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za anthu a zisudzo, n'kufunsa ngati bambo a mwana ali panja, awaitane adzam'nong'oneze azana, mawu oitanira ku swala, m'khutu monga achitira Asilamu mwana akabadwa. Ajira anati aitane amjomba ake, ali pa benchi.